Bwato la bishopu ndi bokosi la ku Dambe

M'mwezi wa Januwale chaka cha 1862 bwato lina linatembenuzika usiku pa mtsinje wa Shire. Palibe anamira. Onse anatuluka amoyo, atangonyowa basi, koma katundu wina anapita ndi madzi, ndipo m'katundumo munali mankhwala. Mwini ulendowo anali Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, amene anali atangomanga malo ake ku Magomero chaka cha 1861. Iye ndi mnzake Henry Burrup ankathamangira pamene Ruo amathira mu Shire kuti akakumane ndi David Livingstone. Kwinini wawo atapita, anasankha kupitirira ndi ulendo m'malo mobwerera kukatenga wina. Atafika anapeza Livingstone atadutsa kale. Anakhala pa kachilumba kudikira, udzudzu ukuwachita phwando, ndipo pa 31 Januwale bishopu anamwalira ndi malungo. Burrup uja anthu anachita kumunyamula kubwerera naye ku Magomero, kumene naye anatsirizika patangopita masabata ochepa.

Chondichititsa chidwi pa nkhaniyi n'chakuti mankhwala a matenda amene anapha bishopu anali odziwika kale. Akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anali atatulutsa kwinini m'makungwa a mtengo wa cinchona chaka cha 1820. Livingstone mwini wake ankayenda ndi mibulu yake yosakaniza ndi kwinini. Mankhwala analipo ku London, analipo m'sitima ya Livingstone, ku Magomero nakonso analiko. Anangosowa pa kachilumba pamene panagona wodwalayo.

Papita zaka zoposa 160, mankhwala asintha kangapo, koma funso la tsiku limene lija likadali lomwelo: kodi mankhwala ali pamene pali wodwala? Kuti tilione bwino funsoli, tiyeni tikwere mapiri a Kirk Range tipite kwa Mfumu Dambe m'boma la Neno, kufupi ndi malire a Mozambique. Inu a m'tauni mumawadziwa malowa ngakhale simunapondeko, paja kachewere wina amene mumakazinga tchipisi amachokera m'mapiri omwewa, kuyambira ku Dambe mpaka ku Tsangano. Kachewereyo amatsika movutikira, ndipo mankhwala amakwera movutikira chimodzimodzi, pa msewu womwewo.

Tibwerere kaye m'mbuyo. M'nthawi ya atsamunda kwinini anali wa bwana. Madokotala oyamba a boma anabwera kudzasamala azungu ogwira ntchito m'boma ndi asilikali, ndipo munthu wakuda akafuna chithandizo ankadalira mishoni, ngati inali pafupi. Kuno ku Neno a Seventh-day Adventist anatsegula Matandani chaka cha 1908. Koma kwinini yemweyo anali ndi vuto lake: pafupifupi yense ankachokera m'minda ya Adatchi pa chilumba cha Java. Dziko la Japan litalanda Java chaka cha 1942, dziko lonse linagwira njakata. Njala ya kwinini imeneyo ndi imene inafulumizitsa ntchito yofuna mankhwala opangidwa m'fakitale, ndipo nkhondo itatha panatulukira kolorokwini, amene Hans Andersag wa kampani ya Bayer anali atamupanga kale chaka cha 1934 koma n'kumuika pambali.

Akuluakulu amene munakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 simungamuiwale kolorokwini. Kuwawa kwake kunkatsala pakhosi tsiku lonse, ndipo enafe tikamwa tinkayabwa thupi lonse, kukanda usiku wonse ngati tagona pa chitedze. Koma anali wotchipa zedi, ndipo ankapezeka paliponse. Pa golosale iliyonse, ngakhale ya kumudzi kwenikweni, Norolon ankakhala pa shelefu pambali pa Cafenol, machesi ndi sopo. Kunena zoona, palibe nthawi ina m'mbiri yathu pamene mankhwala a malungo anafika pafupi ndi khomo la munthu ngati nthawi imeneyo, ndipo anawafikitsa anali wagolosale ndi njinga yake, osati unduna.

Kufupikako kunali ndi mtengo wake. Munthu ankagula mibulu molingana ndi matambala amene ali nawo, iwiri kapena itatu, thupi likangozizira n'kusiya, yotsalayo kusungira mwana wina. Tizilombo tofooka tinkafa, tolimba n'kutsala ndi kuswana. Tizilombo tosamva kolorokwini tinayambira kutali, ku Asia ndi ku South America, ndipo chaka cha 1978 tinapezeka ku Kenya ndi ku Tanzania. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 ana ambiri a kuno ankamwa kolorokwini koma tizilombo osachoka m'magazi. Ana ankabwerera ku chipatala atayera manja, magazi atatha.

Chaka cha 1993, chomwe tonse timachikumbukira chifukwa cha riferendamu, dziko la Malawi linachita chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Linakhala loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kutenga SP, amene tonse tinkangomutcha Fansida, ngati mankhwala oyamba a malungo. Kwa wonyamula mankhwala Fansida anali wabwino kwabasi: wamkulu mibulu itatu, kumwa kamodzi, nkhani yatha. M'zaka zimenezo m'midzi ina munayambanso timabokosi ta mankhwala toyendetsedwa ndi anthu odzipereka, potsatira nzeru imene nduna za zaumoyo za mu Africa zinagwirizana ku Bamako chaka cha 1987. Mudzi unkalandira mankhwala oyambira, n'kumagulitsa motchipa, ndalama zake n'kukagulira ena. Pa pepala zinali bwino. Koma wodwala wa kumudzi amadwala nthawi ya dzinja pamene m'thumba mulibe kanthu, ndipo wogulitsayo ndi mlamu wake. Ngongole zinkachuluka, ndipo timabokosi tambiri tinauma.

Fansida naye sanakhalitse. Chaka cha 2005 ku Ndirande ofufuza anayesa mankhwala awiriwa pa ana odwala malungo. Fansida anachiritsa ana 21 okha pa 100 alionse, pamene kolorokwini uja tinamutaya anachiritsa 99 pa 100. Eti, patatha zaka 12 osamugwiritsa ntchito, tizilombo tomumva tinali titabwerera. Komabe boma silinabwerere kwa iye, poopa kuti maiko otizungulira anali akadali ndi tizilombo tolimba tija. Chakumapeto kwa 2007 linatenga LA, mankhwala ophatikiza awiri, amene mbali yake imodzi imachokera ku chitsamba chimene mayi Tu Youyou ndi anzake anachifufuza ku China kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Fansida anatsalira amayi oyembekezera ku sikelo.

LA ndi wamphamvu, koma kwa wonyamula ndi katundu wovuta. Amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Amabwera m'mapaketi anayi osiyana molingana ndi kulemera kwa wodwala: mibulu 6, 12, 18 ndi 24. Safuna kutentha, ndipo sakhala zaka zambiri asanathe mphamvu. Choposa zonse, anali wodula moti boma palokha silikanatha kugulira dziko lonse. Ndalama zake zinachokera ku Global Fund ndi ku thumba la pulezidenti wa America lolimbana ndi malungo, PMI. Kuyambira pamenepo m'bulu umene mwana wa ku Dambe amamwa unayamba kudalira zimene akuluakulu agwirizana ku Geneva ndi ku Washington.

Nanga wopereka m'buluwo kumudzi ndani? Apa mpamene pakubwera mlangizi wa zaumoyo, amene amadziwika kuti HSA, koma kumudzi ena amangomuti adokotala. Ntchitoyi ili ndi mbiri yake. Makolo ake ndi anyamata amene ankayenda m'midzi kutemera nthomba m'zaka za m'ma 1960. Kolera atabuka chaka cha 1973 boma linalemba ena oti athandize kuthana naye, ndipo mliri utatha linawasunga kuti aziyang'anira zimbudzi, zitsime ndi katemera. Kwa zaka zambiri mlangizi sankaloledwa kuchiza. Ankayeza ana pa sikelo, kulemba m'kaundula, kulalikira za ukhondo, akapeza mwana wotentha thupi n'kuuza mayi ake kuti thamangani ku chipatala. Kuthamanga kwake makilomita 15, mwana kumsana, mitsinje itadzaza.

Pakati pa 2004 ndi 2009, anamwino ndi madokotala atachepa koopsa chifukwa cha Edzi ndi kupita kunja, boma mothandizidwa ndi abwenzi akunja linachulukitsa alangiziwa mpaka kupitirira 10,000. Kenaka chaka cha 2008 linachita chinthu cholimba mtima: linawapatsa mankhwala. M'madera ovuta kufikako, amene poyamba ankawerengedwa kuti ndi otalikira makilomita oposa 8 kuchokera ku chipatala, mlangizi ankaphunzira masiku 6 n'kutsegula kachipatala ka m'mudzi kothandiza ana osakwana zaka zisanu pa malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi maso. Kachipatalako nthawi zina ndi khonde la nyumba yake, nthawi zina ndi kanyumba kamene mudzi waumba njerwa. Chuma chake chonse ndi bokosi lathabwa.

Bokosi limeneli analikonza ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi amasunga mlangizi, winayo amasunga munthu wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo, kuti pasakhale wotsegula yekha. M'katimo mumakhala LA wa mibulu 6 wa ana aang'ono ndi wa mibulu 12 wa okulirapo, mankhwala a chibayo, Thanzi ORS, zinki, panado ndi mankhwala a m'maso. Zaka zoyambirira mlangizi analibe choyezera, choncho mwana aliyense wotentha thupi ankalandira LA, ndipo bokosi linkatha msanga. Zoyezera magazi za pachala zija zinafika m'zipatala chaka cha 2011, ndipo ku timabokosi ta m'midzi zinafika patapita zaka zina. Zinathandiza kusunga LA, koma zinawonjezeranso katundu wina woti azitha. Mlangizi amene ali ndi LA koma zoyezera zamuthera, kapena ali ndi zoyezera koma LA palibe, ali ngati mlimi wa khasu lopanda mpini.

Ku Neno zonsezi zinapeza boma likadali khanda. Neno anapatuka ku Mwanza chaka cha 2003, wopanda chipatala chachikulu ndiponso wopanda tala wofika pa boma. Chaka cha 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo m'bomali. Panamangidwa chipatala cha pa boma, china ku Lisungwi, ndipo chaka cha 2016 anthu a kwa Dambe anaona chipatala chawo chikutsegulidwa. Bungweli linalembanso anthu a m'midzi momwemo, oposa 1,000, oti aziyendera makomo mwezi ndi mwezi, kufufuza odwala ndi kuwaperekeza kokalandira chithandizo. Amenewa ndi osiyana ndi alangizi a boma aja. Iwo ntchito yawo yaikulu ndi kupeza wodwala ndi kumulondolera njira.

Ndiye taganizani zimene zimachitika woyendera makomo akagwira bwino ntchito yake. Wapeza mwana wotentha thupi, wawauza mayi ake kuti musadikire mawa, musapite kwa asing'anga, tiyeni kwa alangizi. Afika, makiyi awiri aja apezeka, bokosi latsegulidwa, LA mulibe. Mayi uja ulendo wina mudzamuuza chiyani? Bokosi lopanda kanthu limawononga zambiri kuposa tsiku limodzilo, chifukwa mbiri yake imayenda pa chitsime ndi pa chigayo, ndipo mankhwala akadzabwera anthu amakhala atasiya kubwera.

Kuti anthu a ku Neno amabwera chithandizo chikakhala chofikirika, umboni ulipo. Kafukufuku amene anasindikizidwa chaka cha 2016 anaona zimene zinachitika m'zipatala zina za mishoni m'bomali zitayamba kulipiritsa: odwala obwera anatsika ndi 68 pa 100 alionse, ndipo kulipiritsa kutachotsedwa anabwerera mwaunyinji. Malungo sanathe m'miyezi ya kulipirayo ayi. Anthu ankangodwalira kunyumba.

Tsono n'chifukwa chiyani bokosi limauma? Tsatirani ulendo wa paketi imodzi. Yapangidwa kutsidya la nyanja, yafika ku nkhokwe ku Lilongwe kapena ku Blantyre, yakwera lole. Kuchoka ku Blantyre mpaka kuwoloka Shire pa Zalewa ndi tala, palibe vuto. Mavuto amayamba lole ikasiya tala n'kuyamba kukwera. M'dzinja, nthawi yomwe malungo amafika pachimake, ndi nthawi yomwenso matope amakana galimoto. Paketi ikafika pa chipatala chaching'ono ulendo wa lole wathera pomwepo. Palibe galimoto imene imapita ku bokosi. Mlangizi amatseka kachipatala kake, n'kutenga njinga yakapalasa kapena kuyenda pansi kukatenga yekha, ndipo m'mapiri ngati a kwa Dambe njinga imakukwera ndi iwe pokwera chitunda. Akafika n'kupeza kuti pa chipatalapo LA watsala wochepa, mkulu wa pamenepo amayamba waganiza za mzere umene uli pakhomo pake. Ndani angamunene? Mlangizi amabwerera chimanjamanja, tsiku latayika, mwinanso ndalama ya m'thumba mwake yapita.

Chaka cha 2010 bungwe la JSI linayendera alangizi m'maboma angapo kukasuzumira m'mabokosi awo. Oposa theka analibe mankhwala onse ofunika pa tsiku limene anawayenderalo. Chinanso chimene anapeza n'chakuti ku likulu kunalibe amene ankadziwa za m'mabokosimo, popeza malipoti a pa pepala ankathera m'madirowa a zipatala zing'onozing'ono. Pa chifukwa chimenechi chaka cha 2011 anayambitsa njira yotchedwa cStock m'maboma 6, ndipo patapita zaka zochepa inafalikira dziko lonse. Nzeru yake inali yapafupi. Kumapeto kwa mwezi mlangizi ankatumiza uthenga waulere pa foni yake wonena zimene zatsala m'bokosi. Kompyuta inkawerengera zimene akufunika n'kudziwitsa a pa chipatala, iwo akalongedza n'kumutumizira uthenga woti bwerani mudzatenge. Maulendo opita pachabe aja anachepa, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu wokhala mu ofesi ku Lilongwe ankatha kuona kuti bokosi lakutilakuti lauma.

Ine ndimaiyamikira njira imeneyi, koma tisanamizane: uthenga wa pafoni subala mankhwala. Ofufuza omwewo anaona kuti zinthu zinkayenda bwino kwambiri kumene alangizi, a pa chipatala ndi a ku boma ankakhala pansi kawirikawiri kukambirana manambalawo ndi kugawana zochepa zimene zilipo. Kumene kunalibe zokumana zotere, uthenga unkapita, yankho n'kukhala lakuti dikirani. Ndipo kumapiri uthengawo umafuna netiweki ndi foni yotchaja, zinthu zimene mlangizi amachita kukwerera chulu.

Pali nkhani ina yochititsa manyazi imene sitingailumphe. Mankhwala ena sankafika chifukwa ankabedwa. LA wolembedwa kuti ndi wa boma, wosagulitsa, ankapezeka m'misika ndi m'zipatala za anthu. Cha m'ma 2010 abwenzi akunja anataya chikhulupiriro mwa nkhokwe ya boma ya Central Medical Stores, nayamba kuyendetsa mankhwala awo a malungo pa njira yawoyawo, ndi nkhokwe ndi malole a makampani olembedwa ganyu. Nkhokwe ya bomayo inasinthidwa kukhala bungwe loima palokha, ndipo chaka cha 2016 unduna unali ndi nthambi yofufuza za kuba mankhwala, kwinaku a ku America ndi a Global Fund akulengeza manambala a foni oti anthu azitsina khutu. Ndikaganiza za maloko awiri aja ndimaseka chamumtima. Kabokosi kakang'ono kwambiri pa mzere wonse ndi kamene tinakamanga kolimba, ndipo mlonda wake ndi mayi wa m'komiti wosalandira kanthu.

Pamene pali chilungamo tinene: ntchitoyi yapindula. Chaka cha 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'dziko muno, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Ana opezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi anali 43 pa 100 alionse chaka cha 2010, ndipo chaka cha 2017 anali 24. Zifukwa ndi zambiri, masikito, katemera, mankhwala a Edzi, koma bokosi la m'mudzi lili nawo m'gulumo. Chaka cha 2019 Malawi anakhalanso woyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana ku sikelo, ndipo chaka cha 2021 boma linalonjeza kuti pofika 2030 malungo adzakhala atatheratu.

Lonjezo limenelo lili ndi adani awiri amene ndikuwaona. Woyamba ndi wakale uja: ku Rwanda chaka cha 2020 ndi ku Uganda chaka cha 2021 ofufuza analengeza za tizilombo timene tayamba kuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa LA. Amene tinaona kolorokwini ndi Fansida akugwa tikudziwa mmene nyimboyi imayambira. Ndipo bokosi louma limathandiza mdaniyu, chifukwa mayi amene sakhulupirira kuti mawa mankhwala adzapezeka amamupatsa mwana mibulu inayi, iwiri n'kubisa m'chikwama kudikira tsiku lina.

Wachiwiri ndi mwini thumba. Mu Januwale 2025 boma latsopano la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID, limene linkayendetsa ntchito zambiri za PMI, linali litatsekedwa. Zina mwa ntchito zopulumutsa moyo analola kuti zipitirire, koma aliyense anaona poyera kuti njira yapadera ija, imene inamangidwa pothawa akuba athu, chingwe chake chinali m'manja mwa eni ake. Atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja chaka cha 2001 kuti gawo la 15 pa 100 la ndalama za boma lizipita ku zaumoyo. Aphungu athu akamakambirana bajeti ku Lilongwe, sindimva kawirikawiri wina akufunsa kuti LA wa m'mabokosi a m'midzi agula ndani chaka chamawa, ndi ndalama zochokera kuti.

Mlangizi wa kwa Dambe alibe mawu pa zonsezi. Chimene iye amadziwa n'chakuti mapaketi a mibulu 6 akatha amatenga lumo n'kudula pakati a mibulu 12, kuti makanda awiri apate, ndipo akatero amadziwa kuti mwana wa zaka zinayi amene abwere mawa adzasowa. Mvula kumapiriko imayamba cha mu Novembala kapena Disembala, malungo n'kuchuluka kuyambira Januwale mpaka Epulo. Fakitale imafuna miyezi ingapo kuti ipange ndi kutumiza oda, sitima ndi malole nazonso miyezi yake. Paketi imene idzafunike kwa Dambe mu Febuluwale imayenera kukhala italipiridwa anthu asanayambe n'kusosa komwe.